KODI ANTHU ADZATI CHIYANI?

Makolo anzathu ndi inu achinyamata, pali funso limene limalamulira nyumba zambiri koposa mwini nyumba: "Kodi anthu adzati chiyani?" Funsoli ndilo limatumiza bambo kukatenga katapila kuti ukwati wa mwana wake usachepe pamaso pa anansi. Ndilonso limachititsa mayi kutapira chimanga aliyense wobwera ndi lichero, poopa kutchedwa womana, kufikira ana ake omwe agona ndi njala mwezi wa February. Kupatsa nkwabwino, koma tidzifunse ngati dzanja lathu latambasuka chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha mantha.

Ife aphunzitsi timaona mbeu ya mantha amenewa m'kalasi. Mwana apeza yankho loona la samu, koma akasuzumira m'kope la mnzake wotchuka, afufuta lake nalemba lolakwa. Ndipo si ana okha ai. M'chaka cha 1951, ku America, katswiri wa za maganizo a munthu, Solomon Asch, adaika ophunzira a pa koleji m'timagulu nawaonetsa mizere, kuti anene umene ukulingana kutalika ndi mzere wina. Ntchito imeneyi ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kuichita. Koma onse a m'gulu adali atapangana mseri kuti azitchula mzere wolakwa, kupatula mmodzi amene sadadziwe kanthu. Pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse, anthu osadziwa kanthuwo adatsata gulu, nakana maso awo omwe. Atatu mwa anayi alionse adagonja kamodzi kapena kuposa.

Chimene chimatikhudza kwambiri ndi ichi: pamene Asch adaika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kudachepa ndithu. Wamantha sasowa khamu lomuchirikiza. Mnzake mmodzi akwanira. Tikumbukire za Petro ku Antiokeya, pa Agalatiya 2. Iye ankadya bwinobwino ndi abale a mitundu ina, koma atafika anthu ochokera kwa Yakobo, adayamba kudzipatula, ndipo ngakhale Barnaba adatengeka naye. Amene adaimitsa chinyengocho adali munthu mmodzi, Paulo, pomudzudzula Petro maso ndi maso.

Nanga mnzake mmodziyo mwana wathu adzampeza kuti, ngati si kwa ife? Apa ndi pamene makolofe timalakwa. Mwana akachimwa timati, "Watichititsa manyazi," m'malo momuonetsa kuipa kwa chimene wachita. Motero amakula akuyang'ana nkhope za anthu, osati choonadi. Ndiponso mwana amene sadaloledwepo kunena kuti "Iai" panyumba, ngakhale mwaulemu, adzaudziwa bwanji mawu amenewa tsiku limene anzake adzampatsa chamba, kapena pamene mwamuna wa ndalama adzaimitsa galimoto pambali pake? Ulemu sitikuutaya ai. Munthu angathe kugwada, kuomba m'manja, ndi kukanabe.

Tiyambe ndi zazing'ono, ana athu akuona. Wina akatipempha chinthu chimene chingapweteke banja, tisavomere msangamsanga ndi kukadandaulira kuchipinda. Tinene kuti, "Pepani achimwene, ndiyambe ndakambirana ndi akunyumba, ndidzakuyankhani mawa." Mawalo tikayankhedi, ndipo ngati nkukana, tikane poyera popanda bodza lakuti tilibe. Ena adzanyinyirika, ena mwina sadzatiyankhula sabata yathunthu. Ifeyo tiziwapatsabe moni, ndipo akadwala tikawazonde.