Za Umoyo Wathu: Kuyesa Kulimba kwa Diso Kuti Nthenda ya Keratoconus Idziwike Msanga

M'nyengo yotentha, pamene fumbi lachuluka m'minda ndi m'misewu, ana ambiri m'midzi ya chigawo chino cha Africa amavutika ndi kuyabwa kwa maso. Poyera pa diso pamasanduka pofiirira, misozi imalengeza, ndipo mwana amakhalira kutikita maso m'mawa ndi madzulo. Makolo ambiri amangoti zidzatha akadzakula. Kuyabwako kumathadi mwa ana ambiri akatha msinkhu, koma mwa ena kumasiya vuto lina limene amakhala nalo moyo wawo wonse. Vutoli ndi nthenda imene madokotala amaitcha keratoconus.

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene kamaphimba pakuda pa diso. Dzina lake la kuchipatala ndi cornea. Kuchindikala kwake kumangopitirira pang'ono theka la milimita imodzi, komabe ndi kamene kamagwira magawo awiri mwa magawo atatu a ntchito yosonkhanitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Kachikopaka n'kolukidwa ndi timaulusi totchedwa collagen, tosanjikizana ngati nsungwi za lichero. Timaulusiti tikafooka, madzi a m'kati mwa diso amakankhira kachikopako kunja, ndipo kamapyapyala ndi kutukumuka mpaka kukhala ndi nsonga ngati denga la nkhokwe. Zikatero kuwala kumamwazika. Munthu amaona zinthu mwachimbuuzi, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri, ndipo usiku nyali imodzi imaoneka ngati yatulutsa michira.

Nthendayi si yopatsirana ndipo si ng'ala. Kawirikawiri imayamba mwana akamatha msinkhu, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka munthu atafika zaka 30 kapena 40. Imagwira maso onse awiri, koma diso limodzi limatsogola. Choncho imafika pa nthawi imene wachinyamata akukonzekera mayeso akuluakulu a kusukulu kapena akuphunzira ntchito yamanja. Amene ali pa chiopsezo kwambiri ndi ana otikita maso kawirikawiri, amene ali ndi mbale wawo wodwala nthendayi, ndiponso ana obadwa ndi Down syndrome.

Dokotala wa ku Britain, John Nottingham, ndiye anaifotokoza mwatsatanetsatane m'chaka cha 1854. Kwa zaka zambiri anthu ankaiyesa nthenda yosowa, potengera kafukufuku wa ku America wa mu 1986 amene anapeza munthu mmodzi mwa anthu 2,000. Koma kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2017 anapeza mmodzi mwa anthu 375. Chimodzi mwa zifukwa za kusiyanaku n'chakuti zipangizo zoyezera maso zinapita patsogolo, ndipo odwala amene kale sankadziwika anayamba kupezeka.

Chifukwa chofulumirira

Kale dokotala sankatha kuimitsa nthendayi. Wodwala ankapatsidwa magalasi, kenako timagalasi tolimba toika pa diso penipeni, ndipo zikafika poipa ankafunika kumuika cornea ya munthu wina amene wamwalira. Chithandizo chomalizachi n'chosowa kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti pa dziko lonse pamapezeka cornea imodzi yokha pa anthu 70 oifuna.

Zinthu zinasintha mu 2003 pamene akatswiri a ku Dresden m'dziko la Germany, Gregor Wollensak, Eberhard Spoerl ndi Theo Seiler, anafalitsa njira yotchedwa cross-linking. Dokotala amadonthezera vitamini B2 pa cornea, kenako n'kuwalitsapo kuwala kwa ultraviolet koyezedwa bwino. Zimenezi zimachititsa kuti timaulusi tija timangane, monga mmene mmisiri amalimbitsira mpanda poonjezera mbalo zopingasa. Njirayi imaimitsa nthenda mwa odwala ambiri, koma sibwezera diso mmene linalili kale. Ndiponso njira yoyambirira ya ku Dresden imafuna kuti cornea ikhale isanapyapyale kutsika pa magawo anayi mwa magawo khumi a milimita. M'mera mpoyamba: wofika msanga amasunga maso amene ali nawo, wofika mochedwa amapeza kuti zambiri zatayika kale.

Kuyesa kulimba, osati maonekedwe okha

Njira yozolowereka yopezera keratoconus ndi kujambula mapu a cornea ndi makina, kuti aone pamene patukumuka ndi pamene papyapyala. Vuto lake n'lakuti mapuwo amaonetsa nthenda maonekedwe a diso atayamba kale kusintha. Akatswiri awiri a ku America, Cynthia Roberts ndi William Dupps, analemba mu 2014 kuti chimene chimayamba ndi kufooka kwa malo amodzi a cornea, ndipo kupyapyala ndi kutukumuka kumatsatira pambuyo. Wokonza njinga aliyense amadziwa zimenezi: chubu chimafooka kaye pamalo pamodzi chisanatupe. Ngati kufookako kungayezedwe, nthenda ingadziwike diso likuonekabe labwinobwino.

Makina oyamba ochita zimenezi mwa munthu wamoyo anali Ocular Response Analyzer, opangidwa ndi kampani ya Reichert ya ku America, ndipo anafotokozedwa mu 2005. Makinawa amauzira kamphepo pa diso, cornea n'kulowa m'kati pang'ono n'kubwereranso, ndipo amayeza mmene yalandirira mphamvu ya mphepoyo. Sakhudza diso ndipo sapweteka. Pambuyo pake kampani ya Oculus ya ku Germany inatulutsa makina otchedwa Corvis ST. Nawonso amauzira mphepo, koma ali ndi kamera yojambula zithunzi zoposa 4,300 pa sekondi imodzi, moti pa kuuzira kumodzi amasunga zithunzi 140. Cornea yofooka imalowa m'kati msanga ndiponso mozama kuposa yolimba, monga mmene chikopa cha ng'oma yosawambidwa chimalowera munthu akachisindikiza ndi chala.

Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi dokotala wa ku Brazil, Renato Ambrósio, linaphatikiza zotsatira za makina a mphepowa ndi za mapu a cornea kukhala muyeso umodzi, umene umapeza nthenda yongoyamba kumene bwino kuposa njira iliyonse payokha. Ku Boston, Giuliano Scarcelli ndi Seok-Hyun Yun anakonza njira ina yotchedwa Brillouin microscopy, yoyeza kulimba kwa malo osiyanasiyana a cornea pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Njirayi inasonyeza kuti malo a nsonga ndi ofooka kuposa malo ena a cornea yomweyo.

Makina amenewa ali ndi malire ake. Kuchindikala kwa cornea ndi mphamvu ya madzi a m'diso zimakhudza zotsatira, ndipo nthawi zina diso labwino ndi diso longoyamba kudwala amapereka manambala ofanana. N'chifukwa chake dokotala sadalira muyeso umodzi. Ndiponso makinawa ndi okwera mtengo, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala za akatswiri m'mizinda ikuluikulu.

Udindo wa kumudzi

Makina angakhale abwino bwanji, amayeza mwana yekhayo amene wafika kuchipatala. Apa ndi pamene alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi makolo ali ndi mbali yaikulu. Mwana amene amatsinzina kuti aone pa bolodi, amene magalasi ake amasiya kumuthandiza pakangopita miyezi yochepa, kapena amene diso lake limodzi likuona moperewera akatseka linzake, ayenera kutumizidwa kwa woyeza maso. Ngakhale popanda makina odula, katswiri wogwiritsa ntchito kachipangizo ka m'manja kotchedwa retinoscope amatha kuona kuwala kukugawika ngati sizasi, chimene ndi chizindikiro cha nthendayi. Akatswiri otere akuphunzitsidwa m'chigawo chino, monga pa yunivesite ya Mzuzu ku Malawi ndi ya Lúrio ku Nampula m'dziko la Mozambique. Mwana mmodzi akapezeka ndi keratoconus, abale ake a bere limodzi ayezedwenso.

Chachiwiri ndi kuthana ndi kuyabwa. Kukalipira mwana kuti aleke kutikita maso sikuthandiza ngati kuyabwako kulipobe. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira, koika pa maso otseka, kamachepetsa kuyabwa, ndipo kuchipatala kuli mankhwala odonthezera oyenera. Mankhwala a m'maso ogula pamsika ndi oopsa, chifukwa ena ali ndi steroid amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amayambitsa ng'ala ndi glaucoma. Madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere ndi zina zotere zisathiridwe m'diso. Pakuda pa diso pakayera mwadzidzidzi ndipo diso likupweteka, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kapena pa tsiku la sikelo, mlangizi angafunse funso limodzi losafuna ndalama: kodi m'nyumba mwanu muli mwana amene amatikita maso tsiku ndi tsiku? Dzina lililonse lotchulidwa lilembedwe m'kaundula, ndipo mwanayo akayezedwe maso teremu isanathe.