Maokushoni akachuluka pa intaneti, amapindula ndani?

Pa eBay, msika wa pa intaneti womwe Pierre Omidyar anayambitsa ku America mu 1995, katundu wa mtundu umodzi amatha kupezeka pa maokushoni ambirimbiri nthawi imodzi. Si monga ku Kanengo kapena ku Limbe, komwe ogula amatsata mzere wa mabelo a fodya n'kuthana ndi limodzi asanafike pa lina. Kuno wogula amaona ogulitsa onse pamodzi, ndipo akhoza kuthawira komwe mtengo udakali pansi.

Ena amati zimenezi zimatsitsa mitengo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Munthu akakuposa pa okushoni iyi, ulimbiranenji naye pomwe katundu yemweyo ali poteropo motchipa? Mu 2006, Sajid Anwar, Robert McMillan ndi Mingli Zheng anasindikiza kafukufuku wa malonda a zipangizo za kompyuta pa eBay. Anapeza kuti ogula oyendayenda otere alipodi, ndipo akapambana amalipira zocheperapo kusiyana ndi okakamira malo amodzi.

Koma si onse amayendayenda, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Mu 2011, Ulrike Malmendier ndi Young Han Lee anaunika malonda a masewera otchedwa Cashflow 101. Pa maokushoni 100 alionse, 42 ankathera pa mtengo woposa wa ogulitsa ena omwe sankachititsa mpikisano, chonsecho mtengo wawowo unkaoneka patsamba lomwelo. Sikuti ogula onse anali osasamala, ayi. Olipira mopyola anali ochepa. Kungoti okushoni imapereka katundu kwa wotchula ndalama zambiri, choncho anthu awiri okha otengeka mtima akakumana, mtengo aukweza ndi iwowo, ochenjera onse atachoka kale. Zimandikhudza kuti wopambana wotere amapita akusangalala, osadziwa kuti waluza.

Nthawi yotsekera nayo ili ndi mbali yake. Alvin Roth ndi Axel Ockenfels anaonetsa mu 2002 kuti pa eBay, pomwe okushoni imatseka nthawi ikangokwana, ambiri amadikira mphindi zomaliza kuti mnzawo asapeze mpata woyankha. Pa maokushoni a Amazon a masiku amenewo, malonda ankapitirira mpaka patadutsa mphindi 10 popanda wowonjezera ndalama, ndipo khalidweli linali lochepa. Wodikira mapeto amazemba mpikisano, inde, koma akalephera amapeza kuti maokushoni ena otchipa atsekanso.

Kuona kwanga, kuchuluka kwa maokushoni kumathandizadi wogula, koma yekhayo amene amayerekeza mitengo. Kwa wogulitsa ndi juga: lero apeza otengeka mtima awiri, mawa ogula onse athawira kwa mnzake. N'zosadabwitsa kuti malonda ambiri pa eBay masiku ano ndi a mtengo woikiratu.

Inu amene mukufuna kugula pa okushoni ya pa intaneti, yambani mwaona mtengo wa ogulitsa popanda mpikisano, muwerengere ndi ndalama zotumizira katunduyo. Mpikisano ukapyola pamenepo, musiyireni mnzanuyo.