Dzanzi losachoka m'manja ndi m'mapazi si loti munthu alizolowere

Dzanzi limene limagwira munthu akakhalitsa pamphasa atapinda miyendo, kapena akagonera mkono, limachoka lokha pakangopita mphindi zochepa. Koma pali dzanzi lina limene limakhala miyezi ngakhalenso zaka, ndipo anthu a m'boma la Mchinji, kuyambira ku Mkanda ndi ku Kapiri mpaka pa Kamwendo ndi kumalire a Mwami, amalifotokoza mofanana: ena amati mapazi akutentha ngati aponda phulusa lamoto, ena amati nyerere zikuyenda m'zala, ena amati usiku akubayidwa ndi masingano, pomwe ena amati akamayenda amamva ngati akuponda pathonje. Ambiri amangoti magazi sakuyenda bwino, ena n'kuganiza kuti anaponda mankhwala otcheredwa panjira, motero amayambira kwa sing'anga kukatemera mphini, kuchipatala n'kudzafika vuto litazika mizu.

Chisokonezo china chimachokera ku mawu akuti mitsempha, amene m'Chichewa amatchula zinthu ziwiri: njira zodutsa magazi, komanso tiulusi tonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, timene timachititsa munthu kumva kutentha, kuzizira ndi ululu. Dzanzi losachoka nthawi zambiri limasonyeza kuti tiulusi timeneti tikuwonongeka, ndipo popeza mitsempha yofika kuzala zakumapazi ndiyo yaitali kuposa yonse, ndiyo imayamba kufooka, kotero kuti dzanzi limayambira kunsonga za zala za mapazi onse awiri, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati sokosi, ndipo likayandikira mawondo limayambanso kumveka m'zala zakumanja.

Malawi analidziwa bwino vutoli pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, chifukwa m'mapiritsi a Triomune, amene odwala ambiri ankamwa, munali mankhwala a stavudine, omwe anapulumutsa miyoyo yochuluka koma ankawononga mitsempha ya m'mapazi mwa ena. Pofika 2013 dziko linasamutsira odwala ku mankhwala okhala ndi tenofovir, komabe alipo amene akumvabe zotsalira za nthawi imeneyo, ndipo kachilombo ka HIV pakokha, kakapanda kuponderezedwa, kamawononganso mitsempha. Mankhwala a isoniazid, ochiza ndi kuteteza chifuwa chachikulu cha TB, nawonso angawononge mitsempha pochepetsa vitamini B6 m'thupi, n'chifukwa chake achipatala amaperekera limodzi kapiritsi ka vitaminiyu kotchedwa pyridoxine, kamene odwala ena amakanyozera poganiza kuti n'kosafunika.

Lero lino chifukwa chimene chikukula ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi anali ndi matendawa, ndipo munthu angathe kukhala nawo zaka zambiri osadziwa, mpaka dzanzi n'kukhala chizindikiro choyamba. Kachasu ndi mowa wina waukali zimawononga mitsempha mwachindunji, komanso zimamana thupi vitamini B1 pamene womwayo waleka kudya mokwanira. Vitamini B12, amene amapezeka m'nyama, m'mazira, mumkaka ndi m'nsomba monga usipa ndi matemba, angasowe mwa okalamba, mwa amene ndiwo zawo ndi masamba okhaokha, ndiponso mwa amene amwa kwa zaka zambiri mankhwala a shuga a metformin. Khate nalonso silinatheretu, ngakhale Malawi anafika mu 1994 pamlingo wosaliwerengeranso ngati vuto lalikulu la dziko. Chigamba chotuwa pakhungu chimene sichimva kanthu chikakhudzidwa chiyenera kuonetsedwa kuchipatala, kumene mankhwala ake ndi aulere ndipo amachiza m'miyezi 6 kapena 12.

Ntchito za anthu a m'boma la Mchinji nazo zili ndi gawo lake. Wakabaza amene amapalasa tsiku lonse atakanikiza zikhatho pachiwongolero, matumba a soya kapena mtedza ali pakaliyala, angamve dzanzi pachala chaching'ono ndi choyandikana nacho chifukwa mtsempha wafinyika padzanja, ndipo mayi woyembekezera angadzuke usiku chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zitauma, vuto limene kawirikawiri limatha akabereka. Mlimi wa fodya kapena wa kudimba amene amasakaniza mankhwala ophera tizilombo ndi manja, n'kupopera ali wopanda nsapato, amalowetsa m'khungu poizoni amene mitundu yake ina imawononga mitsempha.

Zifukwa zambiri mwa zimenezi zimapezeka popanda makina odula. Kubaya chala n'kuyeza shuga, kuyeza HIV, kuona kuchuluka kwa magazi, kuyang'ana khungu ndi kufunsa za mankhwala amene munthu akumwa ndi ntchito zimene zingayambike pachipatala chachikulu cha boma la Mchinji kapena pazipatala za mishoni za ku Guillime, Ludzi ndi Kapiri, ndipo zovuta kwambiri zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Popeza anthu a m'malire amalandira chithandizo mbali zonse ziwiri, lero ku Mchinji mawa ku Mwami kapena ku Chipata, n'kofunika kunyamula buku lakuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse, kuphatikizapo ogula pamsika ndi azitsamba, kuti dokotala aone chithunzi chonse. Wodwala asaleke yekha ma ARV kapena mankhwala a TB chifukwa cha dzanzi, pakuti kusintha mankhwala ndi udindo wa achipatala. Ndipo dzanzi lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, kamwa litapotoka kapena mawu akuvuta kutuluka, kapena kufooka kwa miyendo kokwera m'masiku ochepa, kapena kulephera kugwira mkodzo, si nkhani yodikira kuti kuche.

Ngakhale m'maiko okhala ndi zipangizo zonse, pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi sapezeka ndi chifukwa chenicheni, koma zimenezo sizitanthauza kuti palibe chochita. Ngozi yaikulu ya phazi ladzanzi ndi yakuti silichenjeza mwini wake. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye munthu wotere angawothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, n'kudzaona matuza m'mawa osadziwa kuti anapsa liti. Angalime tsiku lonse kamwala kali m'nsapato kapena munga uli kuphazi, ndipo kachilonda kameneko, makamaka mwa wodwala shuga, kangathere pa kudulidwa mwendo. Motero mapazi ayenera kusambitsidwa ndi kuyang'anidwa madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala, ndipo ngati maso sakuona bwino, mwana kapena mdzukulu athandize. Zikang'a zidzoledwe mafuta, nsapato zikutumulidwe zisanavalidwe, madzi osamba ayesedwe ndi chigongono, ndipo kuthowa ndi madzi otentha kapena kutema mphini paphazi lotere kupewedwe kotheratu. Panado, Brufen ndi Indocid sathandiza kwenikweni ululu wa mitsempha, ndipo awiri omalizawo akamwedwa masiku onse amawononga m'mimba ndi impso, pomwe mankhwala monga amitriptyline, omwedwa usiku molangizidwa ndi dokotala, amathandiza ambiri kupeza tulo.

Mtsempha wovulala ukamachira umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo umene wakhala wowonongeka kwa zaka zambiri mwina sungabwererenso, kotero nthawi yozengereza imalipidwa ndi chiwalo. Akuluakulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Aliyense amene dzanzi lamukhalira kupitirira masabata awiri apite akayezetse, ndipo alangizi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo m'boma la Mchinji alankhule za vutoli poyera monga amachitira ndi malungo, kuti anthu asataye mapazi chifukwa cha matenda amene akanapezeka ndi dontho limodzi la magazi.