Kodi osamva anali ndani?

Anthu a m'maofesi a ku City Centre akamakumbutsana za nthawi ya Covid-19, pali mawu amene amawanena ngati mlandu woti unagamulidwa kale: akuti Amalawi ndi osamva. Akuti boma linayesetsa, koma anthu anakana mamasiki, anakana kukhala pakhomo, anakana katemera, ndipo mliriwu ukanalusa ngati ku Italy bwenzi tonse titatha psiti. Kawirikawiri wonena izi amakhala bambo woti akakweza galasi la galimoto pa Capital Hill amakatsitsa mlonda atatseka kale geti ku Area 10 kapena ku Area 43. Ine ndikukana. Anthu a ku Mtandire, Kauma, Chinsapo ndi Mgona anamva ndithu, ndipo anazindikira msanga kuti amene analemba malamulowo sankawaganizira iwo.

Kumbukirani mmene matendawa anafikira. Pa 2 Epulo 2020, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka nawo, onse a muno mu Lilongwe: mayi wa zaka 61 amene anali atangobwera kuchokera ku India, m'bale wake, ndi wantchito wa m'nyumba mwawo. Wachitatuyu matendawa anamupezera pantchito. Choncho anthu a m'makwalala atayamba kunena kuti awa ndi matenda a okwera ndege, sikunali kupusa. Ankanena zimene maso awo anaona. Pambuyo pake zinadzaoneka kuti kachilomboka sikafunsa pasipoti, koma amene ankayenera kuopa mnzake m'masiku oyambawo anali wa ku Kauma, amene m'mawa uliwonse amalowa m'mipanda ya ku Area 12 kukakolopa ndi kuchapa.

Patangopita masiku ochepa, pa 14 Epulo, kunabwera chilengezo cha m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Nduna ya zaumoyo inali a Jappie Mhango. Tsono taganizani za m'bindikirowo mutaima pamalire a Area 47 ndi Mtandire, pamene mayadi amathera n'kuyamba nyumba zothithikana. Mbali iyi muli furiji, mpope uli m'nyumba, malipiro amalowa okha kubanki pakutha pa mwezi, ana ali ndi bwalo lothamangamo, bambo akuchita msonkhano wa kuntchito pa kompyuta. Kukhala pakhomo masabata atatu n'kotopetsa chabe. Mbali inayo madzi amakagula kukiyosiki ndi ndowa, chimbudzi n'chimodzi mabanja angapo, chipinda chimodzi mukugona makolo ndi ana, ndipo ufa wa madzulo umagulidwa ndi ndalama ya ganyu ya tsiku lomwelo. Munthu wotere mukamuuza kuti asatuluke masiku 21, osamuuza chimene adye, ndiye kuti mwamupatsa kuti asankhe pakati pa matenda amene sanawaonepo ndi njala imene amaidziwa bwino. Mayi wogulitsa kaunjika pa msika wa Tsoka, mnyamata woitanira minibasi kudepoti, wakabaza wa mumsewu wa Malangalanga, onsewa anawerengera msanga n'kupeza yankho.

Mavenda anatuluka kukachita zionetsero m'mizinda. Bungwe la HRDC, lotsogoleredwa ndi a Gift Trapence, linathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, kutangotsala maola kuti m'bindikiro uyambe. Ena amati zonsezi zinali ndale, poti chisankho chachibwereza chinali pafupi ndipo otsutsa ankakayikira kuti boma likufuna kuchizemba. Ndale zinalimo, sindikutsutsa. Koma onani dongosolo la zinthu: chilengezo choti mabanja a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi chinabwera chakumapeto kwa Epulo, khoti litaimitsa kale m'bindikiro. Ndalamazo zinadzayamba kufika m'mafoni mwa anthu mu 2021. Ndiye kuti boma linayamba kuganiza zotseka anthu m'nyumba, za chakudya n'kudzazikumbuka litakokedwa khutu. Mu Seputembala 2020 oweruza anagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Osadabwa, pakuti tsinde lake linali lamulo la zaumoyo la 1948, la atsamunda, lolembedwa m'nthawi imene boma silinkaona chifukwa chofunsira munthu wakuda maganizo ake.

Kenaka inabwera kampeni, ndipo apa palibe chipani choti chidziyeretse. Anthu omwe aja amene ankatiuza pawailesi kuti tizitalikirana, madzulo ake ankaima pansanja kutsogolo kwa chinamtindi cha anthu otutidwa pamalole, opanikizana, akuimba ndi kuvina. A DPP ndi UDF anatero, a mgwirizano wa Tonse anateronso. Masukulu anali otseka kuyambira pa 23 Malichi, ana ali pakhomo, atsikana ambiri n'kutenga mimba ena kukwatiwa, koma bwalo la msonkhano wa ndale silinatsekedwe ngakhale tsiku limodzi. Tinavota pa 23 Juni. A Lazarus Chakwera, amene anapambana chisankhocho, anachita bwino kuimitsa chikondwerero chachikulu cha pa 6 Julaye chimene chinkayenera kuchitikira pa Bingu National Stadium n'kuchisamutsira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa, koma phunziro linali litalowa kale m'mitu ya anthu: lamuloli limagwira ntchito pamene akuluakulu alibe nalo chochita.

Ndiye mu Ogasiti, patangopita masabata ochepa, anthu omwe anatutidwa pamalole aja anauzidwa kuti asasonkhane oposa 10, ndipo wopezeka wopanda masiki alipira K10,000. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K35,000 pamwezi. Mlonda wa ku Area 9 akaiwala kansalu kake m'thumba, masiku oposa asanu ndi atatu a ulonda wake apita. Bwana wake, amene amayenda yekha m'galimoto, wapolisi sankamuyang'ana n'komwe kukamwa.

Komabe amene amati Amalawi samva aiwala zimene zinachitika mu Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Uthenga wa maliro unkangotsatizana. Palibe amene anafunika chikwapu kuti aope. Atelala a m'makonde a ku Old Town anasoka mamasiki a chitenje osawerengeka, pakhomo pa golosale iliyonse panali ndowa ya kampopi ndi sopo, mandimu ndi jinja zinakwera mtengo pamsika, mitengo ya bulugamu inasadzulidwa masamba ofukizira. Zina mwa izi zinali zothandiza, zina zinali zongotonthoza mtima, koma zonse zikusonyeza anthu amene ankafuna kukhala ndi moyo ndipo ankagwira chilichonse chimene dzanja lawo likanafikira. Munthu wosamva sachita zimenezo.

Malamulo amene anabwera mwezi umenewo anali ndi chilema chomwe chija. Misika izitsekedwa 5 koloko madzulo. Aliyense amene anakhalapo m'tauni muno ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku akudziwa kuti imeneyo ndiyo nthawi imene waganyu amalandira yake n'kuthamangira kukagula bonya, tomato ndi kajumbo ka ufa. Mukatseka nthawi imeneyo simunachepetse anthu mumsika, mwangowaunjika onse mu ola limodzi. Wogula zakudya za mwezi wonse pa Gateway Mall lamuloli sanalimve kuwawa. Minibasi zizinyamula anthu ochepa: chabwino, koma mafuta sanatsike, ndiye mtengo unakwera ndipo analipira ndi wokwera. Osayenda usiku kuyambira 9 koloko, mabala azitsekedwa 8 koloko. Ku Bwalo la Njobvu ndi ku Devil Street kunazizira, pomwe m'mipanda ya njerwa makatoni a mowa ankangolowa pageti, nyama ili pamoto, alendo ali pakapinga. Amayi oyendayenda, amene anaguba mumzinda uno kumapeto kwa mweziwo kudandaula za nthawi yotsekera mabala, anthu anawaseka kwambiri, koma funso lawo linali lomwe lija la mavenda a mu Epulo, ndipo panalibe amene analiyankha.

Tsono tifike pa ndalama, pakuti apa ndi pamene chikhulupiriro chinafera. Pamene odwala ankasowa mpweya wa okosijeni pa Kamuzu Central Hospital, pamene bwalo la Bingu linkasandutsidwa chipatala chongoyembekezera, anthu wamba motsogozedwa ndi mlembi Onjezani Kenani ankasonkherana pa Facebook kuti agule masilinda ndi zipangizo, n'kumaonetsa poyera ndalama iliyonse mmene yalowera ndi mmene yatulukira. Nthawi yomweyo n'kuti K6.2 biliyoni ya boma yolimbana ndi mliri itamwazika kale. Mu Febuluwale a Chakwera anachotsa ndi kuimitsa akuluakulu angapo amene ankayendetsa ntchitoyi. Lipoti la ofesi yolondoloza ndalama za boma litatuluka mu Epulo, linaonetsa malawansi a misonkhano, kugula katundu mosatsata njira, ndi ndalama zosowa mapepala ake. Nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, inachotsedwa chifukwa cha K613,000 ya Covid imene inagwiritsidwa ntchito pa ulendo wa ku South Africa. Ndalama imeneyo ndi kadontho chabe pa mabiliyoni aja, komatu ndi chindapusa cha anthu 61 ogwidwa opanda masiki.

Ndiye mayi wa ku Chinsapo akamati "Kolona imeneyi ndi bizinesi ya akuluakulu," mumuyankha chiyani? Pa za kachilomboka analakwitsa, pakuti kanaliko ndipo kanapha Amalawi oposa 2,600 owerengedwa. Pa za bizinesi sanalakwitse. Vuto n'lakuti zinthu ziwirizi zinamufikira mu phukusi limodzi, kuchokera pakamwa pamodzi, ndipo sitingamudzudzule kuti analephera kuzilekanitsa pamene amene anaziphatikiza anali a masuti.

Katemera anafika m'kati mwa fungo limeneli. Mabokosi oyamba a AstraZeneca, onyamula katemera 360,000, anatera pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 5 Malichi 2021. Pa 19 Meyi nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatentha katemera 19,610 wotha mphamvu pa Kamuzu Central Hospital, zithunzi zake n'kuzungulira dziko lonse lapansi. Mpaka lero ena amatchula utsi umenewo ngati umboni woti ndife mtundu wokana mankhwala. Sanena kuti katemerayo anali mbali ya 102,000 amene anafika pa 26 Malichi atatsala ndi masiku osakwana 21 kuti athe mphamvu pa 13 Epulo, ndipo kuti oposa 80,000 anabayidwa m'kanthawi kochepako. Sanenanso kuti amayi a dziko lino akhala akufola kusikelo kwa zaka zambiri ndi ana kumsana, kuwabayitsa katemera wa chikuku ndi kuwamwetsa wa poliyo popanda wapolisi, kapena kuti katemera wa malungo anayambira kuperekedwa kwa ana kuno ku Malawi mu Epulo 2019, dziko lina lililonse lisanayambe. Amayiwa amakhulupirira mlangizi wa zaumoyo amene amamudziwa dzina ndi pamene amakhala. Amene anamukayikira ndi munthu wa pa wailesi yakanema, amene dzulo lake anali pa nkhani ya malawansi.

Sindikuti anthu wamba analibe mlandu. Mabodza a 666, a kusabereka, a kuti madokotala akubaya odwala kuti achulukitse chiwerengero, anapweteketsa anthu ndipo anachititsa kuti ena afere pakhomo poopa chipatala. Anamwino amene ankagwira ntchito usiku ndi usana, ena atanyanyalapo chifukwa chosowa zodzitetezera, ananyozedwa m'minibasi ngati onyamula imfa. Zimenezo n'zochititsa manyazi. Koma tifunsenso kuti mauthengawo ankachokera kuti. Ambiri ankayenda pa WhatsApp, ndipo amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama ya bandulo tsiku lililonse si mayi wogulitsa masamba pa mlatho wa Lilongwe. Ena ankachokera paguwa. Umbuli umene timakonda kuuloza ku Mgona unali ndi madigiri ndithu, ndipo unkaimika galimoto pa Capital Hill.

Chimene chikundipweteka n'chakuti kolera itabwera mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, dzanja la boma linathamangira pa chida chomwe chija. Mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwetsedwa kutsegulidwa, ogulitsa zakudya zophikaphika analetsedwa, uthenga wa kusamba m'manja unabwereranso pawailesi. Kuletsa n'kotchipa: kumangofuna pepala, siginecha ndi galimoto ya apolisi. Kufikitsa madzi aukhondo ku Mtandire ndi kumanga zimbudzi zokwanira pa msika waukulu kumafuna ndalama yoti isadyedwe panjira, ndipo apo ndi pamene timalephera chaka ndi chaka, kenaka n'kutembenukira kwa wosauka kuti ndi wauve komanso wosamva.

Mliri wina udzabwera, ndipo kudzakhala komiti ina yokumana mu hotela ya ku City Centre. Pa tebulo limenelo padzakhale wapampando wa komiti ya msika wa Tsoka, woimira oyendetsa minibasi, mfumu ya ku Kauma ndi mlangizi wa zaumoyo wa ku Area 25, lamulo lisanasindikizidwe, osati kuitanidwa litatuluka kale kuti akalifalitse. Lamulo lililonse lotsekera munthu pakhomo lidzatuluke tsiku limodzi ndi yankho la chimene adye. Ndipo pasadzapezeke wonamizira kuti anthuwa ndi ovuta kuwapeza. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe imadziwa benchi iliyonse ya mumsika, poti m'mawa uliwonse imatumako munthu kukadulitsa chiphaso cha msonkho, ndipo sinaphonyepo njira.