Mitu ya sitima ija idathera kuti?

Amene adakulira ku Bilila kapena ku Sharpevale m'boma la Ntcheu sasowa kuuzidwa momwe mutu wa sitima ya dizilo umalirira. Ukamadutsa utakoka mabogi nthaka inkanjenjemera, ana n'kuthamangira kunjanji, amayi a malonda n'kunyamula madengu awo.

Njanji ya Balaka mpaka ku Salima idatsegulidwa mu 1935, ndipo poyamba inkayenda ndi sitima za malasha. Mitu ikuluikulu ya dizilo idafika m'zaka za m'ma 1960 kuchokera ku kampani ya AEI ya ku Britain. Koma yomwe ambiri akuikumbukira ndi ya mtundu wa MX615, yopangidwa ku Montreal m'dziko la Canada. Dziko lomweli ndilo lidathandiza kumanga njanji ya Salima mpaka ku Lilongwe yomwe idatsegulidwa mu 1979, n'kukafika ku Mchinji mu 1980. Masiku amenewo mitu yonseyi idali ya Malawi Railways, kampani ya boma, kutanthauza kuti idali katundu wa Amalawi.

Kuchoka apo, eni ake akhala akusintha ngati malaya. Mu December 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa Central East African Railways (CEAR), momwe mudali Railroad Development Corporation ya ku America. Aku America adagulitsa gawo lawo ku Insitec ya ku Mozambique mu 2008. Mu 2010 kudabwera Vale ya ku Brazil, yomwe maso ake adali pa malasha a ku Moatize. Nayonso idagulitsa mgodiwo pamodzi ndi njanji ya ku Nacala kwa Vulcan, kampani ya Amwenye, pamtengo wa 270 miliyoni dollars, ndipo malondawo adatheka mu 2022.

Pali ina inayi yomwe mbiri yake njochititsa chidwi. Idapangidwa ndi General Motors ku America m'zaka za m'ma 1960, n'kukagwira ntchito ku Taiwan, kenako boma la kumeneko lidaipereka kuno mu 2006. Pasanathe zaka ziwiri Malawi idathetsa ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China. Ukwati udatha, koma mphatso sibwezedwa.

Nanga mutu uliwonse udathera kuti? Funsoli si lachibwana. Mutu wa sitima uli ndi nambala yake monga galimoto, ndipo kaundula wake si wovuta kulemba. Unduna wa zamtengatenga uyenera kuuza Amalawi poyera kuti nambala yakuti ikuyendabe, yakuti idagulitsidwa kwa uje pamtengo wakuti, yakuti idaphwasulidwa kuti zipangizo zake zikonzere inzake. Ngati mfumu imafunsidwa za njinga ya chitukuko, kuli bwanji chitsulo cha matani ochuluka chotere?

Chachiwiri, mutu umodzi wa MX615 usungidwe. Akale adachita bwino posunga mitu iwiri ya malasha, Thistle ku Limbe ndi Shamrock kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri. Ya dizilo sitiiwerengera kaamba koti taizolowera. Chonsecho mutu wakufa suchedwa. Mawaya a kopa amayamba kusowa, dzimbiri n'kulowa, mapeto ake wogula zitsulo zakutha amabwera ndi moto wodulira.

Ena anena kuti kampani ili pabizinesi, si malo osungira zakale. Akunena zoona. Koma pempho lake ndi la mutu umodzi wokha, womwe phindu lake pasikelo silingagwedeze kampani yonyamula malasha.

Ndipo si zonse zoyenera kuunjikidwa ku Blantyre. Anthu a m'chigwa cha Bwanje akudziwa ululu wokhala popanda sitima, chifukwa mlatho wa Rivirivi utakokoloka mu 2003 njanji yawo idaduka mpaka mu 2005. Mutuwo ukaikidwe pasiteshoni ya Sharpevale, aumangire denga, alembepo nambala yake, chaka chomwe udafika ndi mayina a makampani onse omwe adauyendetsapo. Khonsolo ya Ntcheu ndi aphungu a m'deralo ndiwo ayambe kulemba kalata yopempha.