Ogulitsa RAM ya maseva, tiuzeni zoona

Anyamata ambiri ku Zingwangwa kuno akudyera kompyuta. Ena amathira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, ena amatayipa makalata ofunsira ntchito, ena ndi ophunzira a ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly mpaka 2021, amene akuchita lendi m'dera lino. Onsewa kulira kwawo n'kumodzi: makina akuchedwa, ndipo mankhwala ake n'kuwonjezera RAM. Koma Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera dziko lonse chifukwa makampani a AI anaigula mwaunyinji. Yatsopano yasanduka ya mabwana. Enafe maso ali pa kaunjika.

Mu kaunjikamo ndimo muli nkhani yanga lero. Kukumapezeka RAM ina yotchipa modabwitsa, ya 16GB yonse pa mtengo woti mpaka kufunsa kawiri. Imeneyo yachokera m'maseva, zimakompyuta zija zosunga zinthu za mabanki ndi makampani, zimene eni ake amazipumitsa zikakalamba. Munthu wagula, wafika kunyumba, waika, yalowa bwinobwino. Kuyatsa makina, fani ikuzungulira koma sikirini ili bii! Akabwerera kwa wogulitsa amangomva kuti, "Bwana, bodi yanuyo ndiye yafa, mwina magetsi anawotcha." Ndalama osabweza.

Ayi ndithu akuluakulu, bodi sinafe. RAM yambiri ya maseva ndi ya mtundu wotchedwa registered. Pakati pake pali katchipi kowonjezera kamene kamalandira malamulo a purosesa n'kumawapereka kwa timatchipi tinzake, ngati kapitawo wa pa esiteti. Purosesa ya desktop wamba, kaya ndi Core i3, i5, i7 kapena Ryzen, inazolowera kulamula antchito yokha, za kapitawo sizizidziwa. Ndiye zimangoyang'anizana osamvana. Chonyenga n'chakuti pa DDR3 mitundu yonseyi ili ndi mano 240 ndipo kampata kali pamalo amodzimodzi; pa DDR4 namonso, mano 288. Ndi pa DDR5 pamene opanga anasuntha kampatako kuti ya seva isamalowe n'komwe pa bodi wamba. Koma ndani akugula DDR5 pa kaunjika?

Chimene chimandipweteka n'chakuti yankho linalembedwa kale pa kapepala komatidwa pa RAM pomwepo. Mukaona PC3-10600R kapena PC3-12800R, R wakumapetoyo ndiye registered, isiyeni. Mukaona U, imeneyo ndiyo ya desktop. Pa DDR4 yang'anani chilembo choyamba cha chigawo chotsatira liwiro: PC4-2400T-R ndi ya seva, PC4-2400T-U ndi yanu. Kapepala kakafufutika werengani timatchipi: ya desktop imakhala ndi 8 kapena 16, ya seva 9, 18 ngakhale 36. Ya chilembo cha E ili pakatikati. Mabodi ena, makamaka a Ryzen, amailandira, ena amaikana, choncho imeneyo n'kuyesa basi. Ndipo kusakaniza R ndi U pa bodi imodzi, iwalani.

Kodi munthu amene amagulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku angalephere kuwerenga chilembo chimodzi? Ena mwina sadziwadi, anangooda katoni ku Limbe kapena ku Johannesburg. Koma ena akudziwa, ndipo akudalira kuti wogula achita manyazi kubwerera.

Musandimve molakwa, sindikuti RAM imeneyi ndi zinyalala. Kunena zoona imaposa yathu wambayi. Ili ndi luso lotchedwa ECC, lozindikira ndi kukonza kacholakwika kakang'ono kasanawononge ntchito. Kafukufuku wa pa maseva a Google amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti pa RAM 100 zilizonse, pafupifupi 8 zinkalakwitsa kamodzi kapena kuposa pa chaka. Tsono kwa munthu wokonza mavidiyo a ukwati, chitetezo chotere si chamasewera. Ingofunika nyumba yake. Makina a mu ofesi aja otchedwa workstation, monga Dell Precision T3600 ndi HP Z620, amaidya bwino DDR3 ya registered. Palinso mabodi a ku China olembedwa X79, amene ndi purosesa yakale ya Xeon E5 amailandira. Wogulitsa wanzeru akanamanga zitatuzi pamodzi, bodi, purosesa ndi RAM, n'kugulitsa makina oyenda.

Komabe wogula auzidwenso mbali inayo. Ma Xeon ena akalewa amadya mpaka mawati 130, ndipo mayunitsi a magetsi sitikutola pamsewu. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, pamene makina a msinkhu umenewu sali pa mndandanda wa ovomerezeka kulandira Windows 11. Wofuna agule, koma agule akudziwa.

Pempho langa kwa eni timashopu ta makompyuta, kuyambira pa msika wa Zingwangwa mpaka m'tauni, ndi laling'ono. Ikani bodi imodzi yoyesera pa tebulo, RAM iyake wogula akuona. Mfunseni makina ake ndi a mtundu wanji musanalandire ndalama. Lembani risiti yokhala ndi nambala yonse ya pa kapepala kaja, ndipo ikakana ibwezedwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, kuli bungwe la CFTC, kulinso CAMA, ndipo kugulitsa chinthu pochinamizira ntchito imene sichigwira ndi nkhani imene mabungwewa amamva.

Inunso ogula, safunsa anadya phula. Musanakwere minibasi jambulani pa foni dzina la bodi yanu ndi kapepala ka RAM imene ilimo kale. Ngati makinawo ndi onyamulika, anyamuleni. Wogulitsa akakana kuyesera pomwepo, pali shopu ina kutsogoloko.