Nkhanga zikaona msampha, watsala ndi chiyani?

Pa mpikisano wa chess wa ana asukulu sipalephera kupezeka masewero omwe amatha ena asanakhazikike n'komwe pamipando. Mwana wosewera zoyera akankha pawn ya kutsogolo kwa mfumu, atulutsa bishopu ku c4, mfumukazi ku h5, ndipo mnzake akangophethira, mfumukazi ija yadya pa f7, masewero atha. Wangosuntha kanayi kokha. Msampha umenewu, womwe m'mabuku amautchula kuti Scholar's Mate, umagwira chifukwa masewero akamayamba pawn ya pa f7 ilibe mlonda wina kupatula mfumu yokha.

Mwana wopambana chotere sindimudzudzula. Wawona pofooka, wamenya pomwepo, ndipo chess ndi imeneyo. Koma mumutsatire mpaka akumane ndi mnzake amene anaphunzitsidwa. Pambuyo pa 1.e4 e5 2.Qh5, wa zakuda ateteza pawn yake ndi hatchi, 2...Nc6. Bishopu akabwera ku c4, iye atseka njira ndi 3...g6, mfumukazi ithawira ku f3, iye atsekanso ndi 4...Nf6. Taonani bolodi tsopano. Hatchi zonse ziwiri za wa zakuda zatuluka, bishopu wake wapeza njira ya ku g7, pamene wa zoyera wataya nthawi n'kuyendetsa mfumukazi, ndipo mfumukaziyo yakhala pa f3, pamalo pomwe hatchi yake imafuna kukhala. Sanagonje ayi, koma mwayi wokhala woyamba kusuntha wautaya yekha. Ngakhale Hikaru Nakamura, katswiri wa ku America wodziwika ndi kusewera mothamanga, anayesapo 2.Qh5 pokumana ndi Krishnan Sasikiran wa ku India mu 2005, ndipo masewerowo anagonja.

Akuluakulu anati watchera kumwezi, nkhanga zaona. Pa chess nkhanga zimaona kawirikawiri, ndipo zikaona sizingodutsa chabe, zimakutembenukira. N'chifukwa chake ine msampha uliwonse ndimauyeza ndi mnzako amene wauzindikira n'kuulewa, osati ndi amene wakodwamo. Wakodwayo sangatiuze kanthu. Amene walewa ndiye amationetsa mtengo womwe wotchera analipira.

Kuti tione kuti nkhaniyi ndi yopyapyala bwanji, titenge msampha wa Légal, mphunzitsi wa katswiri wina dzina lake Philidor, yemwe ankasewera ku Café de la Régence mumzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1700. Kwa amene sanazolowere kalembedweka, N ndi hatchi, B ndi bishopu, Q mfumukazi, K mfumu, R ndi rook, x akutanthauza kudya, ndipo + akutanthauza check. Masewero akuyenda motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 d6 4.Nc3 Bg4. Bishopu wa zakuda waloza hatchi ya pa f3, ndipo kumbuyo kwa hatchiyo kuli mfumukazi. Aliyense akuganiza kuti hatchiyo singachoke. Apa ndi pomwe mwana amene anangoonera msamphawu pa foni amapupuluma n'kusewera 5.Nxe5, kuyembekeza kuti mnzake adya mfumukazi. Akaidya, zoonadi, bishopu adya pa f7, mfumu ikwera pa e7, hatchi ifika pa d5, checkmate. Koma wa zakuda akangodekha n'kudya hatchiyo ndi hatchi yake, 5...Nxe5, zonse zathera pomwepo, chifukwa hatchi ya pa e5 ikuteteza bishopu wa pa g4. Wa zoyera wataya hatchi yathunthu posinthana ndi pawn imodzi.

Tsopano onjezerani kanthu kakang'ono. M'malo mothamanga, wa zoyera ayambe wafunsa bishopu uja ndi 5.h3. Bishopu akabwerera ku h5, pamenepo 6.Nxe5 ndiye yakhwima. Wa zakuda akadya mfumukazi, checkmate ija ibwera monga kale. Akachenjera n'kudya hatchi, 6...Nxe5, mfumukazi idya bishopu pa h5 popeza tsopano alibe womuteteza, ndipo hatchi ikadya bishopu wa pa c4, kukubwera 8.Qb5+, mfumukazi yaloza mfumu ndi hatchi nthawi imodzi. Hatchiyo idyedwa, wa zoyera atsala ndi pawn imodzi yoposa. Nanga bishopu akakana kubwerera ku h5 n'kudya hatchi pa f3? Mfumukazi imudya, ndipo wa zoyera ali bwinobwino ndi mabishopu ake awiri. Njira zonse zitatu wa zoyera sakulira. Kusiyana kwa msampha wovunda ndi msampha wolimba pano ndi pawn imodzi yosuntha kabokosi kamodzi m'mphepete mwa bolodi. Mphunzitsi amene waonetsa ana checkmate yokongolayo koma osawaonetsa 5.h3 wawapatsa theka la phunziro, ndipo theka lomwe wasiya ndi lomwe likanawaphunzitsa kuwerengera.

Pali misampha ina yomwe sitingaikonze ngakhale titaonjezera chiyani. Umodzi umatchedwa ndi dzina la Joseph Henry Blackburne, katswiri wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nd4. Wa zakuda wasiya dala pawn ya pa e5 kuti ikhale nyambo. Wadyera akaidya, mfumukazi itulukira ku g5, ndipo akapitiriza dyera lake pa f7 amafa imfa yochititsa chifundo, mfumu yake itatsekerezedwa ndi zida zake zomwe: 4.Nxe5 Qg5 5.Nxf7 Qxg2 6.Rf1 Qxe4+ 7.Be2 Nf3, checkmate. N'zokoma kuona. Koma wa zoyera akangodya hatchi ija ndi 4.Nxd4, kapena kungobisa mfumu yake, wa zakuda watsala ndi manja okha: wasuntha hatchi imodzi kawiri, zida zina zonse zikadali kunyumba. Chimodzimodzinso Englund Gambit, 1.d4 e5, komwe mfumukazi ya zakuda imakadya pa b2 ikuyembekeza kuti mnzake asewera 6.Bc3 n'kugwa. Akasewera 6.Nc3, mfumukaziyo ndiyo imayamba kusakidwa.

Yerekezani ndi msampha womwe amautchula kuti Elephant Trap, womwe unagwira Karl Mayet pokumana ndi Daniel Harrwitz ku Berlin mu 1848. Masewero ndi 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Nbd7. Kusuntha komalizaku kumaoneka ngati kuiwala, ngati wa zakuda wasiya pawn ya pa d5 popanda chitetezo chokwanira, poti hatchi ya pa f6 ikachoka mfumukazi idyedwa. Wa zoyera adyadi: 5.cxd5 exd5 6.Nxd5. Hatchi ija ichoka ndithu, 6...Nxd5, mfumukazi idyedwa, 7.Bxd8, kenako 7...Bb4+. Mfumu ya zoyera ilibe kothawira ndipo chotsekera chilipo chimodzi chokha, mfumukazi yake. Fumbi likatha, wa zakuda waposa ndi hatchi posinthana ndi pawn imodzi. Chomwe ndimaukondera msampha umenewu n'chakuti wa zakuda sanapatuke panjira kuti autchere. Hatchi ya pa d7 ili pamalo pake penipeni m'masewero a Queen's Gambit, ndipo akatswiri akhala akuiika pamenepo kwa zaka zoposa 100. Mnzako akalewa, iwe ungopitiriza masewero ako osataya kalikonse. Msampha wotere suchita kutcheredwa padera, umamera wokha zida zikakhala m'malo oyenera.

Chomwechonso ndi zomwe Bobby Fischer anachita kwa Samuel Reshevsky pa mpikisano wa dziko la America ku New York kumapeto kwa 1958. Fischer anali ndi zaka 15, Reshevsky anali chiphona chomwe chinali chitapambana mpikisanowo kangapo. M'masewero a Sicilian, Fischer anangotulutsa zida zake mwadongosolo, palibe chachilendo. Reshevsky atapititsa hatchi m'mphepete pa a5, ina n'kubwerera pa e8, mnyamatayo anamenya 10.Bxf7+ ndi 11.Ne6, ndipo mfumukazi ya Reshevsky inapezeka yopanikizidwa pakati pa zida zake. Njira imeneyi inali itaoneka kale m'masewero ena ku Soviet Union chaka chomwecho, ndipo Fischer ankawerenga magazini a chess a kumeneko. Reshevsky akanasewera bwino, Fischer akanakhalabe ndi masewero abwino. Sanabetche kanthu.

Mbali inayo, ya wokodwa, nayonso ili ndi zake. Anthu amaganiza kuti misampha imagwira ongoyamba kumene. José Raúl Capablanca anakola bishopu wa Endre Steiner ku Budapest mu 1929 ndi msampha wakale womwe amautchula dzina la chingalawa cha Nowa, pomwe ma pawn atatu amatsekera bishopu pa b3. Anatoly Karpov, yemwe anakhalapo katswiri wa dziko lonse kwa zaka 10, anagonja kwa Larry Christiansen ku Wijk aan Zee mu 1993 atangosuntha ka 11, mfumukazi ya mnzake itabwerera pa d1 n'kuloza zida ziwiri nthawi imodzi. Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Viswanathan Anand. Ku Biel, m'dziko la Switzerland, mu 1988, Anand ali ndi zaka 18 anakumana ndi Alonso Zapata wa ku Colombia: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 d6 4.Nf3 Nxe4 5.Nc3 Bf5 6.Qe2, ndipo Anand anavomereza kugonja pomwepo, chifukwa hatchi yake ya pa e4 inalibenso mpulumutsi. Kusuntha kwa bishopu kuja anakuona m'buku la Chess Informant, m'masewero a Tony Miles ndi Christiansen yemwe uja a mu 1987, omwe anatha mofanana mphamvu. Chomwe bukulo silinanene n'chakuti awiriwo anali atagwirizana kale kuti asagonjetsane, choncho Miles sanafune kumenya pomwe panali poonekeratu. Zapata sanatchere kalikonse. Anand anakodwa chifukwa anakhulupirira zolembedwa popanda kuziyesa yekha pa bolodi, ndipo munthu ameneyu ndi yemwe pambuyo pake anadzakhala katswiri wa dziko lonse.

Nkhani ya Anand ndi yofunika lero kuposa kale, chifukwa buku lija lalowedwa m'malo ndi foni. Achinyamata athu ambiri akuphunzira chess pa YouTube n'kumasewera pa Lichess ndi Chess.com, ndipo chimenechi n'chinthu chabwino zedi, mwayi womwe m'badwo wa m'mbuyomu unalibe. Koma mavidiyo omwe amakopa anthu ndi a misampha, ndipo amaonetsa masewero omwe mdani wagwa. Stafford Gambit, yomwe Eric Rosen wa ku America anaitchukitsa, ndi chitsanzo chabwino: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6. Wa zakuda wapereka pawn yapakati kuti zida zake zituluke msanga, ndipo misampha ilimo yambirimbiri. Wa zoyera akasewera 5.d3 Bc5 6.Bg5, hatchi idya pa e4, mfumukazi iperekedwa, checkmate ibwera ndi mabishopu awiri. M'masewero a mphindi zitatu, pomwe wotchi ikuthamanga ndipo munthu alibe nthawi yoganiza, zimenezi zimagwiradi, ndipo sindiona cholakwa kuzisewera pocheza madzulo. Koma wa zoyera amene akudziwa amaika bishopu pa e2, kenako c3 ndi d4, ndipo wa zakuda amapezeka kuti pawn yapita, chiwembu chazirala, masewero akadali aatali. Pa mpikisano weniweni, pomwe aliyense ali ndi ola lathunthu kapena kuposa, ndiponso pomwe osewera ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, msampha wotere umagwira munthu kamodzi. Ulendo wachiwiri amabwera atakonzeka.

Aphunzitsi ena, poona zimenezi, amaletseratu ana kuphunzira misampha. Ine sindigwirizana nawo. Mkati mwa msampha uliwonse muli phunziro lenileni: Légal ndi Elephant Trap zimaphunzitsa kuti chida chomwe chikuoneka chomangika chikhoza kuchoka ngati kuchokako kukubweretsa chachikulu, wa Blackburne umaphunzitsa kuti mfumu ikhoza kufera pakati pa zida zake, Scholar's Mate imaphunzitsa kuyang'anira f7. Mwana amene sanazionepo zimenezi adzaziona tsiku lina ali kumbali yolira. Chomwe ndikupempha n'chakuti msampha uphunzitsidwe wonse, mbali zonse ziwiri. Mwana akaonetsedwa checkmate, atembenuziridwe bolodi, akhale kumbali ya wotcheredwayo, afufuze yekha pothawira. Akapeza, abwerere kumbali yake n'kuyang'ana bwinobwino zomwe watsala nazo: zida zingati zatuluka, mfumu yabisala kapena ili pambalambanda, pawn yomwe anapereka ibwerera kapena yapitiratu. Pa Lichess pulogalamu ya Stockfish ndi yaulere ndipo imayankha mafunso amenewa m'kamphindi, koma ndi bwino mwana ayambe wayesa ndi mutu wake, makina abwere pambuyo kudzatsimikiza.

Ndipo pamene mnzake wamusiyira pawn kapena mfumukazi poyera masewero atangoyamba, aphunzire kuchotsa dzanja pa bolodi n'kufufuza kaye ma check onse omwe mnzakeyo angapereke akadya. Mayet akanachita zimenezi akanaona 7...Bb4+ asanagwire hatchi yake, chifukwa pambuyo pa kudya mfumukazi ma check omwe wa zakuda anali nawo anali owerengeka. Akanasewera 6.e3, n'kupitiriza masewero ali bwinobwino.